Lachitatu Limene Nkhunda za a Kamtedza Zinathawa

M'chaka cha 2022, Kalabu ya Oweta Nkhunda ya ku Kawale inaitanitsa misonkhano khumi ndi iwiri. Tikawonkhetsa onse amene anafika pa misonkhanoyo kuyambira Januwale mpaka Disembala, chiwerengero chake chimakwana khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo khumi ndi awiri mwa iwo anali munthu mmodzi yemweyo: mlembi wa kalabuyo, a Weston Kamtedza.

Pa 8 Januwale 2023, msonkhano woyamba wa chaka chatsopano unali ndi anthu awiri. Wachiwiriyo anali wapampando, a Godwin Nyemba, wokonza mafiriji ku Biwi. Anakhala pa benchi, nayang'ana mabenchi ena atatu opanda anthu.

"A mlembi, tiyeni tivomereze," anatero a Nyemba. "Lero tilipo awiri, ndipo ineyo ndabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Chaka chino chikatha osachitika ngakhale msonkhano umodzi wokwana, kalabu tiitseka. Tizingotumizirana zithunzi za nkhunda pa foni."

"Nkhunda ya pa foni mungaigwire pachifuwa n'kudziwa ngati ikudya bwino?" anafunsa a Kamtedza.

"Sindingathe. Komatu anthu pa foni amapezeka."

A Nyemba anatenga pampu ija n'kumapita.

Kuti timvetse kulemera kwa mawu amenewa, tiyenera kubwerera m'mbuyo. A Kamtedza anabadwira cha ku Linthipe, m'boma la Dedza, m'chaka cha 1950. Anafika ku Lilongwe mu 1976 kudzaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale ku Kawale, ndipo mu 1979 anakwatira a Mabel, mbadwa ya ku Ntcheu. Ndi kaphunzitsidwe sanatchuke nako. Ana amene anadutsa m'manja mwawo amakumbukira kuti m'kalasi mwawo munkagoneka bwino. Chimene anatchuka nacho ndi ndandanda. Teremu iliyonse ankayala pepala lalikulu pa tebulo, rula kudzanja lamanzere, zolembera za mitundu itatu kudzanja lamanja, n'kugawa maphunziro a sukulu yonse mwaluso lotero kuti m'nthawi yawo mphunzitsi sanapezekepo akufunidwa m'makalasi awiri nthawi imodzi.

Atapuma pa ntchito mu 2010, dzanja lija linasowa chochita. Analemba ndandanda ya ndiwo n'kuimata kukhitchini: Lolemba nyemba, Lachiwiri usipa, Lachitatu mpiru wotendera. A Mabel anayatsira mbaula ndandandayo tsiku lomwelo. Ndipo a Kamtedza anatembenukira ku nkhunda, zimene ankaweta kuseri kwa nyumba m'khola la pa nsanamira zinayi, ndipo pa 6 Malichi 2011 anasonkhanitsa oweta nkhunda anzawo khumi ndi atatu ochokera ku Kawale, Biwi, Chipasula ndi Area 23, n'kukhazikitsa kalabu. Cholinga chinali kuyenderana mwezi ndi mwezi, kusinthana mbewu, ndi kulangizana za amphaka ndi makoswe amene amadya maunda, ana a nkhunda. Malamulo analemba okha. Lachinayi mwa malamulowo linkati msonkhano ndi msonkhano pokhapokha pakhale anthu asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chimodzi linkati msonkhano sutsegulidwa mlembi palibe.

Vuto linali tsiku. Lachisanu silinkatheka chifukwa cha a Shehe, telala wa ku Area 23, amene dzina lawo n'lomwelo ngakhale satsogolera mzikiti uliwonse. Loweruka silinkatheka chifukwa cha a Yona Chikuse, kalipentala wa ku Chipasula, amene amasunga Sabata. Lamulungu m'mawa otsalawo anali ku mapemphero. Kunatsala Lamulungu masana, ndipo m'tauni muno aliyense wofuna anthu amawafuna Lamulungu masana: milaga, miphakati, makwaya, mpira wa pa wailesi, ndi maphwando olangiza mkwatibwi kumene amuna salowa koma amatumidwa kukanyamula mipando.

Miyezi nayo a Kamtedza ankaidziwa ngati ana opulupudza a m'kalasi. Januwale ndi Febuluwale ndi a mvula. Munthu wa ku Chipasula amaima pakhomo, n'kuona matope, n'kukumbukira kuti ali ndi nkhunda zake zomwe. Epulo ndi Meyi anthu ali kumudzi kokolola. Juni ndi Julayi akumanga ziliza. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi zinkhoswe ndi maukwati, ndipo palibe Mchewa kapena Mngoni wa m'kalabumo amene analibe mdzukulu wokwatiwa. Disembala akudzala. Maliro okha ndiwo analibe mwezi, popeza miyezi yonse inali yawo.

Chaka cha 2023 anachimenya ngati nkhondo. Anasonkhanitsa makalendala a mipingo inayi ndi wa mzikiti, ndandanda ya mpira, ndi mayina a atsikana onse a m'mabanja a mamembala amene ankaoneka kuti angakwatiwe posachedwa. Mu Malichi anasankha Lamulungu loyera mbali zonse. Kunagwa mvula ya matalala, kunabwera anthu atatu. Mu Meyi anayesa Lachiwiri m'mawa, poganiza kuti palibe amene anayesapo. Anazindikira chifukwa chake. Mu Julayi analonjeza thobwa. Kunabwera anthu asanu ndi awiri, kutsala mmodzi yekha, ndipo a Kamtedza anapempha wapampando kuti awerengere munthu wina wogulitsa matsache amene anaima kudzamwa nawo. A Nyemba anamufunsa munthuyo ngati amaweta nkhunda. Iye anayankha kuti amangodya. Pa tsiku la anakubala, mu Okutobala, a Kamtedza anakhala okha ndi mabenchi, a Mabel akuwayang'ana pa windo.

Unatsala Novembala, pakuti Disembala sankamuwerengera n'komwe, ndipo msonkhano wa mweziwo unagweranso kwawo, pa 26.

Tsiku lina m'mawa, akumwaza madeya pansi pa khola, anadzifunsa funso limene sanadzifunsepo: kodi chiyambire kalabu, ndi liti pamene onse khumi ndi anayi anafika? Yankho linali limodzi. Panali pa 15 Seputembala 2019, kwa a Yona, pakatikati pa nyengo ya maukwati, tsiku limene mwa nzeru zonse za ndandanda silinayenera kubweretsa ndi munthu mmodzi yemwe. Koma sabata imeneyo nkhunda za a Yona zinali zitathawa zonse.

Aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti nkhunda sikhala pakhomo pa ndewu. Mwamuna ndi mkazi akamalongolozana, nkhunda zimamva, zimapirira pang'ono, kenako zimasamuka. Choncho khola likakhala pululu lopanda kanthu, nkhani sili m'kholamo, ili m'nyumba. Tsikulo mamembala anafika onse, ena ndi akazi awo, aliyense akunena kuti wabwera kudzaona ngati nsanamira zafumbwa, maso ali ku khomo la kukhitchini. Patapita sabata zinadziwika kuti anali mphaka wa oyandikana nawo, koma msonkhano unali utachitika kale.

A Kamtedza anaima ndi mbale ya madeya m'manja. Zaka khumi ndi ziwiri akufunafuna tsiku limene anthu alibe chochita, pamene chofunika chinali tsiku limene anthu ali ndi choonera.

Lachitatu pa 22 Novembala, anadzuka nkhunda zisanatuluke, natseka timakomo ta khola. A Mabel atapita ndi amayi anzawo kukazonda odwala, iwo anaika nkhunda zonse m'makatoni atatu oboolaboola, nakwera nazo minibasi ya ku tauni, kenako ina ya ku Nsungwi, kumene kumakhala mlongo wawo, a Elsie, amene anali ndi khola la nkhuku lopanda nkhuku.

"Madala, katundu wanuyu akuyimba," anatero kondakitala.

"Akuyeserera za Khirisimasi," anayankha a Kamtedza, osaseka.

A Elsie anamvetsera dongosolo lonse atagwira m'chiuno.

"Achimwene, mwakula bwinobwino zaka zonsezi, misala munaisungira kumapeto? Alamu anga mwawauza?"

"Ayi. Mayi a Tracy satha kunama. Akabisa kanthu amayamba kuyimba nyimbo za m'buku, ndipo Kawale yense amadziwa. Inu mungozidyetsa. Lamulungu dzuwa likapendeka, msonkhano udzakhala utatha, mudzatsegule khola. Njira zikuidziwa."

A Mabel atabwerako masana, anaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. A Kamtedza anali atakonzekera misozi, kapena mafunso. Sizinabwere.

"Zapita?"

"Zikuoneka choncho, mayi a Tracy."

"Zonse?"

"Zonse."

"Bambo a Tracy, kodi ife tinakangana liti?"

"Sitinakanganepo chikwatiranire mu 1979."

"Nkhunda sinama," anatero a Mabel pang'onopang'ono. "Ngati zachoka, chilipo. Ndiganize kaye."

Mawu amenewa a Kamtedza sanawalabadire, chifukwa panthawiyo n'kuti a Eness, oyandikana nawo amene amagulitsa zitumbuwa pa geti, akusuzumira pa mpanda kudzabwereka sefa. Sefayo anaiwala kutenga. Pofika Lachinayi madzulo, amayi a Mvano anali atawapempherera a Mabel mosatchula chifukwa, ndipo foni ya a Kamtedza, imene inali chete chiyambire Pasaka, inayamba kulira.

"A mlembi, msonkhano uja ndi Lamulungu lino, eti?" anafunsa a Yona. "Kwanu komweko? Amayi aliko? Chabwino. Ndibwera ndi akunyumba, akuti akufuna kuphunzira za nkhunda."

A Shehe anaimba kufunsa ngati angabwere ndi a Aminah, akazi awo. Membala wina amene ambiri ankaganiza kuti anasamukira ku Mzuzu anaimba kufunsa njira. A Kamtedza anayenda masiku amenewo ngati mnyamata, akubwereka mabenchi ku sukulu yawo yakale, akuyesetsa kuvala nkhope ya munthu wosweka mtima akamadutsa pa geti. Sanaone kuti a Mabel akusenda mbatata imodzi kwa nthawi yokwana kusenda dengu. Munthu amene sanafufuzepo chovuta m'banja lake kwa zaka makumi anayi ndi zinayi, akayamba kufufuza ndi mtima wonse, sabwerako chimanjamanja. Loweruka a Mabel anaimbira foni mchimwene wawo, a Lucious a ku Chinsapo, amene ndi nkhoswe ya banjalo.

Lamulungu anthu anayamba kufika nthawi isanakwane, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya kalabu. A Kamtedza anawerenga kawiri: khumi ndi anayi, osawerengera akazi asanu ndi anayi amene anakhala pa mphasa moyang'ana kukhitchini. Aliyense ankayamba wapita ku khola, n'kugogoda nsanamira, n'kupukusa mutu, n'kudzawagwira dzanja a Kamtedza ndi manja awiri ngati pa maliro. A Nyemba anaimirira, nakonza kukhosi kuti atsegule msonkhano.

Pamenepo geti linatseguka. Analowa a Lucious atavala jekete ngakhale kunali kotentha, pambuyo pawo pali msuweni wa a Kamtedza, nkhoswe ya kuchimuna.

"Alamu, tilowe m'nyumba pang'ono," anatero a Lucious. "Alendo adikire."

"Alamu, msonkhano ndi wa mphindi zochepa chabe. Titsegule kaye."

"Banja linayamba, kalabu inabwera pambuyo."

A Kamtedza anayang'ana kwa wapampando kupempha thandizo. A Nyemba anakhala pansi.

"Lamulo lachisanu ndi chimodzi, a mlembi. Popanda inu sititsegula. Pitani, ife tilipo. Mawindo musatseke, kukutentha."

M'nyumbamo a Mabel anakhala pa mkeka, miyendo atatambasula, manja pa maondo. Kunja mabenchi anamveka akukokedwa kuyandikira khoma.

"Achimwene," anayamba a Mabel, "munthuyu sanandimenyepo, sananditukwanepo, samwa. Ndinkaganiza kuti ndili pabwino mpaka nkhunda zinandichenjeza. Chiyambire kalabu, ukwati uliwonse wa kwathu ndimapita ndekha. Pa ukwati wa mwana wa achemwali ndinavina ndekha ngati mayi wamasiye, anthu mpaka kundipepesa. Chiliza cha amayi tinamanga iye ali kuno akudikira anthu osabwera. Tsiku la anakubala amayi anzanga amalandira nsalu, ine ndimalandira chiguduli chopukutira mabenchi. Chinkhoswe cha mwana wathu Tracy anachisuntha kawiri. Mu 2016 nditadwala malungo, anandifunsa ngati malungowo angadikire Lolemba."

"Linali Lamulungu lokhalo lopanda mpira," anatero a Kamtedza.

Kunja kwa windo kunamveka amayi akudzuma pamodzi.

"Msuweni," inatero nkhoswe ya kuchimuna, "ine ndinabwera kudzakuikira kumbuyo, koma sindikuona poponda."

A Kamtedza anaganiza zoulula. Akanatha kunena kuti nkhunda zili ku Nsungwi zikudya madeya a mlongo wawo. Koma makutu makumi anayi ndi kanthu anali pa windo, ndipo anthu amene abwera kudzaona ndewu akauzidwa kuti ndewu palibe, sakhalira msonkhano. Njira inali imodzi: kumaliza msanga.

"Ndamva, ndavomera zonse, ndalakwa. Tingatuluke?"

"Musathamange, alamu," anatero a Lucious, akuvula jekete n'kulipinda bwino. "Mlandu wa zaka makumi anayi sauweruza choimirira. Achemwali, pitirizani. Tinali mu 2016."

A Mabel anapitiriza, chaka ndi chaka, mwadongosolo limene a Kamtedza, ngakhale anali pa moto, analisirira. Pofika 2020 kunja kunali kutachita mdima wa mitambo. Pa windo a Kamtedza anaona a Yona akuvala chipewa, a Shehe akuyang'ana kumwamba, wina wa ku Chipasula akupinda buluku lake m'miyendo. Mvula ikagwa msonkhano usanatsegulidwe, onse adzabalalika, ndipo kalabu idzathera pa foni.

"Alamu, gamulani," anatero a Kamtedza. "Chilichonse."

"Chilichonse?"

"Chilichonse, bola msanga."

A Lucious ananong'onezana ndi nkhoswe inzawo, kenako anagamula zinthu ziwiri. Choyamba, ukwati, chinkhoswe, chiliza kapena maliro alionse a kuchikazi, a Kamtedza azipita limodzi ndi akazi awo, kaya tsikulo lili ndi msonkhano kaya lilibe, ndipo pa ukwati azivina. Chachiwiri, popeza munthu sangatumikire kalendala ndi mkazi nthawi imodzi, ulembi aupereke kwa ena lero lomwe.

A Kamtedza anatsegula pakamwa. Kunja kunagunda bingu, benchi imodzi inamveka ikupepuka.

"Ndavomera."

"Mukanenere pa khonde, alendo amve, poti amva kale zinazo," anatero a Lucious.

Anatuluka onse. A Kamtedza, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu, anagwada bondo limodzi pa khonde, atagwirira mzati, napepesa kwa akazi awo pamaso pa kalabu yonse. A Mabel anawayang'ana kanthawi, kenako anatambasula dzanja.

Dzuwa, ngakhale linabisika m'mitambo, linali litapendeka kale, ndipo a Elsie ku Nsungwi anali atachita monga anauzidwira. Manja a awiriwo atangogwirana, kunamveka mkokomo wa mapiko kuchokera kumpoto. Nkhunda zinazungulira nyumba kawiri, n'kutera pa denga la khola, n'kuyamba kulowa imodziimodzi ngati zikuchokera koyenda.

Amayi a pa mphasa anaimba nthungululu. A Aminah analira. A Yona anavula chipewa. Aliyense anatembenukira kwa a Lucious, amene anaweramitsa mutu modzichepetsa.

"Si ine," anatero. "Ine ndangolankhula."

"A wapampando," ananong'ona a Kamtedza akadali chigwadire, "tsegulani."

A Nyemba anatsegula msonkhano madontho oyamba akugwa. A Kamtedza anadzuka mothandizidwa, naitana mayina, ndipo mayina khumi ndi anayi anayankhidwa. Nkhani ya tsikulo, imene anaikonzekera kwa mwezi wathunthu, inali ya nthata za m'makola, koma sinakambidwe. Panakambidwa mfundo imodzi yokha, yosankha mlembi watsopano, ndipo anasankhidwa a Yona chifukwa ndiwo anali pafupi ndi cholembera. Wapampando analengeza kuti chaka cha 2023 chakhala ndi msonkhano wokwana, kotero kalabu sitsekedwa. Mvula inakhuthuka, anthu onse anathawira pa khonde ndi kukhitchini, kumene a Mabel anawaphikira tiyi akuyimba nyimbo ya ukwati.

Pa Khirisimasi a Elsie analephera kupirira, naulula zonse kwa alamu awo. A Mabel anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa amuna awo ngati pali china mwa zimene ananena pa mkeka paja chimene chinali chabodza. A Kamtedza anati palibe. Chigamulo chinakhala momwemo. A Lucious sanauzidwe, ndipo mpaka lero amaitanidwa ku Chinsapo ndi ku Mtandire kukayanjanitsa mabanja, ngakhale a anthu oweta abakha.

A Yona sanalembepo ndandanda ya chaka. Amangotumiza uthenga sabata imodzi msonkhano usanachitike, wonena tsiku ndi malo, ndipo pansi pake amaonjezera kuti amene sadzafika, kalabu idzaganiza kuti nkhunda zake zathawa ndipo idzapita kwawo kukamuona, pamodzi ndi amayi. M'chaka cha 2024 kalabu inakumana mwezi uliwonse kupatula Febuluwale, ndipo sipanakhale msonkhano wa anthu ochepera khumi. A Kamtedza anafika pa iwiri yokha. Masiku enawo anali ku Ntcheu, ku Biwi ndi ku Area 25, pa maukwati asanu, zinkhoswe zitatu ndi chiliza chimodzi.